Petulo Wakale mu Njinga ya Sinoo

Mkazi wanga anagula njinga ya sinoo tisanadziwane. Nthawi imeneyo ankaphunzira unamwino kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, kumene sinoo, chipale chofewa chogwa kumwamba, amaunjikana mpaka m'mazenera, ndipo bambo a mnzake wa m'kalasi ankaigulitsa. Ndi njinga yamoto yopanda matayala. Kutsogolo ili ndi mapazi awiri aatali otsetsereka, kumbuyo kuli lamba wamkulu wa labala amene amapalasa sinoo. Atapeza ntchito kuno ku Virginia anabwera nayo pa kangolo, ngakhale aliyense anamuuza kuti kuno sinoo akagwa lero, mawa ndi matope.

Titakwatirana tinkakhala m'fulati ku Alexandria, m'mwamba, mopanda poika ngakhale njinga yakapalasa. Choncho njinga ya sinoo inkakhala m'galaja ya mchimwene wake, alamu anga, ku Springfield. Kukazizira, tikamva kuti kumapiri a kumadzulo kwagwa sinoo wokwanira, iye ankasinthana shifiti ndi mnzake, ife n'kukoka kangolo ulendo wa kumeneko. Iye ankayendetsa, ine ndinkakhala kumbuyo. Sindinkazikonda. Mphepo inkalowa m'mawondo, ndipo pobwera zovala zonse zinkanunkha utsi. Koma ndinkapita. Nyengo ikatha ankakhala masana athunthu m'galaja muja akuigoneka, monga ankanenera mwiniwake. Ine ndinkakhala m'nyumba ndi alamu tikuonera mpira.

Chaka chomaliza tinapita kamodzi kokha. Pobwera anati watopa, za njinga adzaziona sabata yamawa. Sabata imeneyo tinali kuchipatala, iye ali pabedi, anamwino anzake ataimirira pambali. Anamwalira mitengo itayamba kuphuka.

Thupi tinapita nalo kumudzi. Titaika maliro, abale atakhala pansi, amayi ake ananena chinthu chimodzi chokha chokhudza za kuno. Anati katundu wa mwana wawo asakhudzidwe mpaka iwo adzabwere adzaone okha. Ine ndi alamu tinavomera. Titabwerako tinafunditsa njinga ija lona n'kuisiya. Tsiku lina kukutentha alamu anandiimbira kuti m'galaja mukumveka fungo la petulo, kodi si bwino timukhuthule? Tinakambirana pang'ono, kenako tinakumbutsana mawu a amayi, n'kusiya. Mapepala a ulendo wawo anachedwa. Kutentha kunabwera n'kupita, n'kubweranso, njinga ili chifundire.

Apongozi anafika kukuyamba kuzizira, ndipo anafikira kwa mwana wawo ku Springfield. Zovala, nsapato ndi ziwiya anadzaziona ku fulati kwanga pamodzi ndi azimayi a kutchalitchi. Ine ndinawatsegulira chitseko n'kukakhala m'galimoto mpaka anamaliza. Njinga inali yomaliza kuonedwa. Alamu atachotsa lona, amayi anaizungulira pang'onopang'ono atafunda juzi ya mwana wawo wamwamuna, n'kuika dzanja pa mpando. Analankhula ndi mwana wawoyo ngakhale ine ndinali pomwepo, monga amachitira munthu pamaso pa mkamwini.

"Uwauze bambowa kuti ndikufuna ndiimve ikulira ndisanapite."

Alamu anadzandiuza pambuyo pake kuti mlongo wawo ankakonda kuwauza amayi pa foni kuti adzabwere nthawi ya sinoo adzawakweze, amayiwo n'kumakana akuseka. Tikiti yawo yobwerera inali itadulidwa kale, ya Khirisimasi isanafike. Ndinayankha kuti palibe vuto. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani yopotokola kiyi.

Njingayo ilibe batire, imalizidwa ndi chingwe ngati jenereta. Ndinatsegula kampopi ka petulo, kukweza choki, kachitsulo kothandiza injini yozizira kulira, monga ndinkamuonera mkazi wanga akuchitira, n'kukoka. Ndinakoka mpaka phewa linayamba kutentha. Inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Fungo linakula, ndipo nditawerama ndinaona petulo akudontha pansi pa injini, atapanga kale kadziwe pa simenti.

"Kukanakhala kwathu tikanangoitana anyamata n'kuikankha," anatero alamu.

"Tiikankhe bwanji, alamu? Ilibe matayala."

"Ndiye vuto la zinthu za kuno limenelo."

Ntchito yanga ndi ya manambala pa kompyuta, ku kampani ina yogwirira ntchito boma. Sipanala yomwe ndinali nayo inali ija imabwera m'katoni pamodzi ndi bedi. Ndinayamba ndi kuwerenga, chifukwa ndicho ndimadziwa. Injini yake ili ndi makabuleta awiri, aliyense wodyetsa mbali yake petulo wosakaniza ndi mpweya. Pansi pa kabuleta pali kambale kosunga petulo pang'ono. M'kambalemo muli tinthu toyandama, amati mafuloti, ndipo petulo akakwana timakankha kasingano kotseka polowera. Zimagwira ntchito ngati thanki ya chimbudzi cha madzi. Kasingano kakalephera kutseka, petulo amangolowa, wina n'kusefukira pansi, wina n'kutsikira mu injini, mapulagi n'kunyowa. Injini yokhuta petulo siilira, ndipo ukamalimbikira kukoka ndi pamene ukuiwonjezera. Chomwe chimamata kasingano ndi petulo yemweyo. Wa kuno akakhalitsa amayamwa chinyezi n'kusanduka phula. N'chifukwa chake nyengo ikatha amayenera kuchotsedwa.

Choyamba chinali kukhuthula thanki. Ndinagula kapampu ka pamanja ndi chigubu chofiira. Petulo anatuluka wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka, akununkha ngati penti wakale. Anathira ndi mkazi wanga, pamalo ena omwetsera mafuta m'mbali mwa msewu wa kumapiri, atavula golovesi imodzi ndi mano. Chigubu chitadzaza ndinachitseka n'kuchiika pakona. Alamu anati kuli malo a boma kumene amalandira zoterezi. Ndinati ndamva.

Ndinaonera mavidiyo ambiri. Amuna a m'mavidiyo aja magalaja awo ndi oyera ngati khitchini. Amalankhula mosapupuluma, akagwira sikuluu imamasuka, akapopera mankhwala zonse zimawala, akakoka chingwe kamodzi injini imalira, iwo n'kumwetulira. Kwa ine kungofika pamene pali makabuleta kunanditengera masana onse. Panali chibokosi cha mpweya choti chichoke, chomwe sichinkatuluka pokhapokha utachipendeketsa mwanjira imodzi yokha, ndipo njirayo ndinaipeza nditadzicheka kale pachala. Masikuluu a timbale anali atagwirana ndi chitsulo. Imodzi ndinaidya mutu, moti ndinachita kuiluma ndi pulayala. Kambale katatseguka ndinapeza pansi pake zinthu zobiriwira zomata ngati uchi wouma. Kasingano kanali katamatirira m'malo mwake, kosatseka, kosatsegula.

Ndinatsuka chilichonse ndi mankhwala a m'chitini chopopera. Mankhwalawo akalowa pabala amaluma kuposa sipiriti. Kamodzi ndinapopera m'kabowo kena osadziwa kuti kamatulukira moyang'ana nkhope yanga, ndipo ndinakhala pa sinki ya alamu nthawi yaitali ndikutsuka diso. Ndinabwezera zonse, kuthira petulo watsopano, kupukuta mapulagi, n'kukoka. Inatsokomola kawiri m'malo mwa kamodzi. Nditawerama, petulo anali akudontha ngati kale.

Ndinamasulanso. Ulendo uno ndinayang'anitsitsa masingano ndi tochi ya foni, n'kuona kuti kunsonga kwake kuli kamzere kozungulira, pamene chitsulo chinadyeka. Fuloti imodzi nditaigwedeza pafupi ndi khutu inamveka madzi m'kati. Inali itabooka, moti m'malo moyandama inkamira. Kutsuka sikukanathandiza. Ndinapita nazo ku sitolo ya zipangizo za galimoto ku Annandale. Bambo wa pakauntala anayang'ana kasingano m'dzanja langa n'kufunsa ngati ndi ka makina odulira kapinga. Nditamuuza, anayang'ana pazenera, kumene kunali dzuwa, n'kundiyang'ananso. Anati zoterozo sasunga, ndifufuze pa intaneti.

Ndinaitanitsa. Phukusi linachedwa, ndipo litafika masingano ake anali aakulu, a njinga ya chaka china. Ulendo wachiwiri ndinagula chilichonse chimene tsambalo linandionetsa, chifukwa cha mkwiyo, n'kudikiranso. Pa nthawi yodikirayo panalibe chochita koma kuyang'ana kalendala. Apongozi anali atayamba kale kugula tinthu ta adzukulu a kumudzi.

Ndikatuluka kuntchito masana ndinkalunjika ku Springfield, n'kuima m'mizere ya magalimoto pamodzi ndi onse obwerera kwawo. Manja anga anasiya kuyera. Sopo ankachotsa mafuta koma osati fungo. M'chikepe cha kuntchito anthu ankanunkhiza n'kuyang'ana pansi. Mkazi wa alamu ndi wa ku Lusaka, ndipo sabisa mawu. Tsiku lina anatsegula chitseko cha kukhitchini chotulukira m'galaja atagwira mphuno.

"Ba mulamu, nyumba yonse inunkha petulo. Na buledi ya bana inunkha."

Ndinapepesa. Kuyambira pamenepo ndinkagwira ntchito chitseko chachikulu cha galaja chili chotsegula, mphepo ikulowa mmene ikufunira. Zala zikazizira sizimva sikuluu yaing'ono. Umangomva yagwa, n'kugubuduka kulowa pansi pa injini pamene dzanja silifika.

Zipangizo zoyenera zitafika ndinaika masingano atsopano ndi mafuloti atsopano. Buku la njingayo, limene ndinalipeza pa intaneti, limati fuloti ikhale pa msinkhu wakutiwakuti, ndipo umakonza popinda kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinapinda, kuyeza, kupindanso. Nditabwezera zonse ndinatsegula kampopi ka petulo n'kugwada pansi kudikira. Sipanadonthe kanthu. Ndinakhala chigwadire kwa kanthawi, ndikuyang'ana simenti youma, ndipo ndinaganiza zokawaitana amayi. Mwayi wake sindinawaitane. Ndinakoka, kukoka, kukokanso. Panalibe ngakhale kutsokomola. Nditamasula mapulagi anali onyowa ngati ndawaviika m'kapu.

Pamenepa nzeru zinandithera. Makabuleta sankasefukiranso, koma injini inali yokhutabe. Petulo ankalowera kuti? Ndinaganiza kuti mwina ndalakwitsa msinkhu wa mafuloti, ndiye ndinachotsanso chibokosi cha mpweya, n'kumasulanso timbale. Alamu anandipeza ndili m'kati mwa zimenezi. Anali atangoweruka ku nyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito, akadali mu yunifolomu, akudya tchipisi za m'pepala. Anaimirira n'kumandionera.

"Alamu, njinga iyi yatengera inu," anatero. "Pa maliro paja anthu anatchera khutu mpaka kutopa, osakumvani mukulira. Nayonso iyi."

Ananena akuseka, monga timanenerana pa chilamu. Kenako anasiya kutafuna. Ndinawapempha kuti andipatsire sipanala ya teni. Anandipatsa ya thwelofu, ndipo ndinailandira.

Apongozi ankabweretsa tiyi masana alionse amene ndinali m'galajamo. Sankalowa. Ankaika kapu pamwamba pa firiji yaikulu imene ili pafupi ndi chitseko, n'kubwerera. Tsiku limenelo sanabwerere. Anaima pakhomo atapinda manja chifukwa cha kuzizira, n'kufunsa mwana wawo kuti njingayo ikukana chiyani. Alamu anafotokoza mmene anamvera kwa ine, kuti petulo anakhalitsa m'kati, anawola, n'kuwononga tizitsulo. Amayi anafunsa ngati petulo amawola. Alamu anati wa kuno amawola. Anafunsanso ngati mwana wawo ankadziwa zimenezo. Alamu anati ankadziwa, ankamuchotsa chaka chilichonse, kungoti chaka chijachi sanathe.

"Nanga inu awiri osamuchotsa bwanji?"

Alamu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kabuleta amene anali m'manja mwanga.

"Amayi, paja munati tisakhudze katundu," anatero alamu.

Amayi anatembenukira kwa ine, n'kulankhula nane mwachindunji, chinthu chimene anali asanachitepo chifikireni.

"Bambo, ine ndinkanena zovala ndi mbale, kuti anthu asagawane ine kulibe. Petulo ndi katundu?"

Alamu anayamba kuseka, mpaka anatsamira khoma. Amayi sanaseke, koma sanakalipe. Ankangodabwa, mmene munthu amadabwira ndi ana amene wawauza kuti asatuluke m'nyumba, n'kuwapeza atakhala phee denga likudontha pamutu pawo. Anati tikanaimba foni n'kufunsa. Anati amuna awiri a sukulu zawo. Atatero analowa m'nyumba.

Ndinaika kabuleta pa tebulo mosamala, chifukwa ndinkadziwa chimene dzanja langa linkafuna kuchita naye. Ndinatuluka n'kukaima pa kapinga wouma kutsogolo kwa nyumba. Mkwiyo unalipo wambiri koma unalibe mwini. Amayi ananena zomveka. Alamu anandiimbira foni nthawi yake n'kundifunsa. Ineyo ndinasunga mawu a apongozi monga mkamwini amayenera kuchitira. Aliyense anachita bwino, ndipo zotsatira zake zinali phula lobiriwira ndi masabata anga onse aja. Ndinakwiyira ngakhale mwiniwake, chifukwa cha sabata yamawa ija. Mnansi wina wachizungu ankapachika magetsi a Khirisimasi pa khonde lake, ndipo anandikwezera dzanja. Ndinakweza langa, lakuda bii, n'kubwerera m'galaja.

Loweruka lomaliza linafika njinga isanalire. Ndege ya apongozi inali ya mawa lake. Alamu anali kushifiti, mkazi wawo atapita ndi ana kukagula sutikesi ina, chifukwa katundu wa amayi anali atachuluka. Ndinafika m'mawa ndili ndi ganizo limodzi lokha, lomwe linali lomwelija: kumasulanso makabuleta. Chibokosi cha mpweya tsopano ndinkachichotsa osayang'ana. Ndikuchotsa kabuleta wakumanja, sikuluu ya bande yomangira kabuletayo inagwa, ndipo polowetsa mkono kuti ndiitole ndinakola kapaipi kena kakuda kamene ndinali ndisanakalabadirepo. Kanazuka. Petulo anatsika m'kapaipiko n'kulowa m'dzanja la juzi mpaka m'chigongono.

Ndinatukwana m'Chingerezi, motsitsa mawu. Kenako ndinatsata kapaipiko ndi chala. Kankachokera pansi pa injini kupita ku pampu ya petulo, kabokosi kachitsulo kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ndinatsegula buku pa foni ndi chala chimodzi chimene chinali chouma. Linati kapaipi kameneko kamadutsa mpweya wokha, umene injini imapumira pampuyo kuti izikoka petulo. Kamayenera kukhala kouma nthawi zonse.

Pampu nditaitsegula ndinapeza m'kati timapepala ta labala topyapyala, tosanjikizana. Kamodzi kanali kataumiratu ngati tsamba la chilimwe, ndipo pakati pake panali pong'ambika. Petulo ankadutsa pamenepo n'kulunjika mu injini, osadzera ku makabuleta n'komwe. Nthawi yonse imene ndinkapinda mafuloti ndi kuwayeza, iye ankalowera khomo lakuseri. Sindinasangalale. Ndinangoganiza za maulendo onse amene ndinachotsa chibokosi chija pachabe.

M'thumba la zinthu zimene ndinagula mwaukali munali timapepala totero. Ndinali nditatikankhira pambali osadziwa ntchito yake. Ndinajambula pampu ndi foni ndisanachotse kalikonse, n'kusanja tatsopano motsatira chithunzi. Ndinalakwitsa kamodzi, mabowo osalingana, n'kuyambiranso.

Panatsala kuchotsa petulo amene anali atadzaza kale mu injini. Ndinazimitsa siwichi kuti pasatuluke moto, kuchotsa mapulagi onse, kukanikiza mpaka kumapeto kogwirira ka mafuta, komwe kamawonjezera liwiro la injini, n'kukoka chingwe. Petulo anatumphuka m'mabowo a mapulagi ngati paipi yaphulika, kufika kudenga la galaja, wina kundigwera m'tsitsi. Ndinakoka mpaka kunkatuluka nkhungu yokha, kenako mpweya wokha. Ndinapukuta paliponse pamene ndinkafika, kutulutsa nsanza panja, n'kudikira kuti fungo lichepe. Kumbuyo kwa njinga ndinakukweza pa zidutswa za matabwa kuti lamba asakhudze simenti. Ndinaika mapulagi atsopano, omaliza amene ndinali nawo.

Inalira pa kukoka kwachitatu kapena kwachinayi. Inayamba mbali imodzi, ikunjenjemera, kenako mbali inayo inagwira. Utsi wabuluu unadzaza galaja n'kutulukira pachitseko chachikulu. Phokoso lake ndinali nditaliiwala kukula kwake, chifukwa kumapiri limabalalika, pamene m'galaja limabwerera kuchokera kumakoma. Nditachotsa chala pa kogwirira ka mafuta inayamba kufa, ndiye ndinakanikizanso msanga. Siinkatha kulira yokha. Inkafuna chala changa chachikulu chikhale pomwepo, osapitirira, chifukwa ndikawonjezera lamba ankayamba kuzungulira.

Sindikanatha kupita kukaitana apongozi. Anabwera okha. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, apongozi n'kuima pakhomo ali ndi chovala china chopindapinda m'manja. Anachiika pa firiji paja. Anatsika, kubwera mpaka pafupi ndi mapazi a njinga, n'kuimirira akuiyang'ana, utsi ukuwazungulira. Milomo yawo inkayenda, koma sindinkamva kanthu. Ndinaganiza kuti amvetsera kamphindi, agwedeza mutu, ine ndizimitsa. Koma anapisa dzanja m'thumba la juzi n'kutulutsa foni. Ankaimbira amuna awo kumudzi, kumene kunali kutayamba kuda.

Foni inaitana nthawi yaitali osayankhidwa. Anaimbanso. Chala changa chinayamba kuwawa, kenako kufa dzanzi. Pamenepo m'pamene ndinayang'ana pansi n'kuona dontho likugwa kuchokera ku kabuleta wakumanzere. Linagwa lina. Linkagwera pa chitsulo cha pansi pa injini, n'kutsetsereka pang'onopang'ono kulowera mbali imene kuli paipi ya utsi, yomwe inali itayamba kutentha. Mwina kachinyalala kanali katakhala pa kasingano. Mwina ndinapinda fuloti mopitirira. Ndinkadziwa chimene buku likananena.

Kumudzi anayankha. Amayi anakuwa m'fonimo kuti amvetsere, n'kuitambasulira ku injini ndi manja awiri. Anaibweza kukhutu, kufunsa ngati akumva, n'kuitambasulanso. Zikuoneka kuti kumeneko ankaitana ena, chifukwa amayi anatchula achemwali awo, kenako dzina la mwana wina, n'kumadikira aliyense afike pa foni. Ine maso anali pa kamzere ka petulo kaja. Ndinadziuza kuti kakafika pa bawuti ina imene ndinkaiona, ndizimitsa. Kanafika. Amayi anali akunena kuti adikire, agogo akubwera, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinasankha bawuti ina yapatsogolo pake.

Kamzere katafika pa yachiwiriyo ndinamenya siwichi. Chete amene anatsatira anali ngati makutu atsekeka. M'foni munkamveka mawu ambiri olankhula nthawi imodzi.

"Yazima," anatero amayi. "Koma mwaimva. Agogo amva? Chabwino."

Analankhula nawo pang'ono za ndege ya mawa ndi za amene adzawachingamire, n'kudula. Anatsokomola chifukwa cha utsi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Ine ndinali nditatseka kale kampopi ka petulo n'kuponya nsanza pamene pankadontha, ndipo ndinaimirira moti asapaone.

"Zikomo bambo," anatero. "Zina zonse ndagawa. Iyi ikhale kwa inu."

Ndinkafuna kuwauza kuti ndilibe poiika, kuti sindidziwa kuiyendetsa, kuti mkazi wa alamu akufuna galaja yake, ndiponso kuti njingayo ikudonthabe. Ndinati zikomo amayi. Anatenga chovala chawo pa firiji n'kulowa kukamaliza kulongedza.

Ndinadikira kuti paipi ya utsi izizire. Chala chinali chisanabwerere mwakale, moti sikuludiraiva ndinaigwira ndi dzanja lamanzere. Ndinapendeketsa chibokosi cha mpweya, kuchitulutsa, n'kuyamba kumasula kabuleta wakumanzere.